Suti Yakuda ya Lumo

Telala ndi Lumo anagwira ntchito pa khonde limodzi zaka makumi atatu osadana, ndipo mukanawadziwa anthu awiriwa mukanavomereza kuti chimenechi chinali chozizwitsa. Telala anali munthu wosayankhulayankhula, mapini pakamwa, tepi yoyezera m'khosi tsiku lonse. Lumo, wometa wa chipinda choyandikana ndi chake, pakamwa pake sipankatsekeka. Munthu ankachoka pa mpando wake alibe tsitsi koma mutu utadzaza nkhani: za mpira, za mankhwala a nyamakazi, za chifukwa chenicheni chimene ndege sizigwa.

Zipinda zawo zinalekana ndi khoma la matabwa, ndipo pakhomapo panali bowo lodutsira waya wa magetsi. Pa bowo lomwelo ankapatsiranapo shuga, machesi ndi zonyozana. Dzuwa likafika pamutu ankatulutsa benchi n'kuyamba dilafuti ya zitsekerero za mabotolo. Lumo ankabera, Telala ankadziwa, ndipo onse awiri ankakhutira ndi dongosolo limeneli.

Kenako kunabwera mliri uja, pambuyo pake katemera.

Telala anapita Lachiwiri lina m'mawa ku kachipatala ka kumapeto kwa msewu wawo. Anaima pa mzere, anapinda malaya, anabayidwa, n'kubwerera kudzamaliza yunifolomu ya mwana wa eni ake. Kwa iye sinali nkhani. Anangonena pa bowo paja, ngati munthu wonena za mitambo.

"Ndachokera kobayitsa. Mkonowu ukulemera pang'ono."

Makina ometera anati zii. Lumo anatulukira pa chitseko, kasitomala atamusiya pa mpando mutu uli theka.

"Wati wachita chiyani?"

"Ndabayitsa katemera."

"Iwe! Osandifunsa ine?"

"Ndikufunse iwe ngati ndani? Ndikafuna kumeta ndidzakufunsa."

Lumo anatulutsa foni m'thumba. M'fonimo munali bambo wina wovala mkanjo woyera, kumbuyo kwake mashelefu a mabuku. Bamboyo ankalumbira kuti aliyense wobayidwa katemerayu adzafa pakatha zaka ziwiri ndendende, osapitirira ndi tsiku limodzi lomwe.

"Ameneyu ndi dokotala wa kuti?" anafunsa Telala.

"Wa kunja."

"Dzina lake?"

"Analibisa, angamuphe. Koma iwe, mabuku onsewa sukuwaona?"

"Nanenso ndili ndi mkanjo woyera wa kwaya umo, sanabwere kudzautenga eni ake. Ndivale ndikuuze tsiku lako?"

Lumo sanaseke. Analowa m'chipinda mwake, anatenga cholembera, n'kulemba deti pa thabwa la pamwamba pa galasi, malo amene aliyense wometedwa ankayang'ana: tsiku lakhumi ndi chinayi, mwezi womwewo, zaka ziwiri kutsogolo.

Chaka choyamba chinali cha nkhondo. Lumo anasiya kumwera kapu imodzi ndi mnzake. Tsiku lina anabwera mwakachetechete kumbuyo kwake n'kumugunditsa supuni pa phewa, akuti aone ngati imamatira. Supuni inagwa pansi. Lumo anati ndi supuni yachabechabe, ya masiku ano.

Koma tisamuyeretse Telala, naye anali ndi zake. Khadi la katemera analipachika pa khoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati wake, ngati satifiketi ya sukulu yaukachenjede. Munthu wosayankhula uja anayamba kuyankhula, ndipo ankayankhula moyang'ana ku bowo. Anamupatsa Lumo dzina loti Pulofesa wa Tsitsi. Ankati kasitomala akalowa amufunse mokweza ngati anabayitsa, kenako n'kuwonjezera kuti mbuli zina zimafunika kuzimangirira pa mtengo n'kuzibaya ngati ng'ombe. Tsiku limene ananena za ng'ombelo, Lumo anayankha kuti bola ng'ombe yamoyo kusiyana ndi mtembo wodziwa kusoka. Madzulo ake Telala anatseka bowo lija ndi zidutswa za nsalu, n'kungosiya mpata wa waya, poti magetsi analibe mlandu.

Benchi linakhala m'kati miyezi ndi miyezi. Anthu a mu msewumo nawo anagawikana. Ena ankasoketsa kwa Telala koma kukameta kutali, ena ankameta kwa Lumo zovala zawo zikung'ambika. Telala ankadya yekha masana, moyang'ana khoma, ndipo chakudya sichinkakoma. Ankamusowa mnzake koopsa, koma akanalola kumeza pini kusiyana ndi kunena zimenezo.

Chaka chachiwiri chili pakati, zinthu zinasintha. M'mawa wina Telala anaona zidutswa zija zikugwa chimodzichimodzi, ndipo pa bowo panatulukira dzanja litagwira lalanje losendasenda.

"Idya, mnzanga," anatero mawu a kuseri. "Moyowu ndi waufupi."

Kuyambira tsiku limenelo Lumo anasanduka mngelo. Anatulutsanso benchi, ndipo anasiya kubera. Ayi, anachita kupitirira: anayamba kuluza dala, kusiya zitsekerero zake poyera kuti zidyedwe, kenako n'kuomba m'manja. Ankamumeta mnzake Loweruka lililonse, pang'onopang'ono, ndi kumupaka mafuta onunkhira aja ankasungira akuluakulu. Za katemera sanatchulenso. Nthawi zina ankangomuyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu. Tsiku lina anafunsa ngati njinga ya Telala ili ndi munthu amene anamulonjeza kale.

Telala, munthu wochenjera pa nsalu koma wogona pa anthu, anaganiza kuti mnzake walapa ndipo akusowa poyambira kupepesa. Mtima wake unasungunuka. Khadi lija analitsitsa pa khoma n'kuliika m'dilowa.

Ndiye m'mawa wina Lumo analowa ndi nsalu yakuda kukhwapa, nsalu yolemera, yabwino, yoti ukaigwira umayamba wapukuta m'manja.

"Undisokere suti."

Telala analavula mapini. Lumo chibadwire sanavalepo suti. Ngakhale pa ukwati wake anavala jekete lobwereka, manja ake olekeza m'zigongono.

"Suti iwe? Ya kuti?"

"Kuli kwinakwake kofunika. Koma ndikufuna isokedwe ndi manja akowa, osati a munthu wina. Ithe lisanafike tsiku lakhumi ndi chinayi."

Deti limeneli silinamukumbutse kanthu Telala. Munthu amene sakuyembekeza kufa sasunga tsiku lake. Anatenga tepi n'kuyamba kuyeza: mapewa, chifuwa, mimba imene inakula pa zaka zonsezi iye akuona. Akuyeza mkono anaona misozi ikulengeza m'maso mwa mnzake.

"Nanga misoziyi?"

"Ndi fumbi la nsalu zakozi."

Suti imeneyo Telala anaisoka ngati ya mwana wake. Anasiya madiresi a anthu akudikira. Anaika nsalu yoterera m'kati, mabowo a mabatani anawasoka pamanja, kolala anaisita katatu ndi kansalu konyowa mpaka inagona bwinobwino. M'kati mwa thumba anasokamo zilembo za dzina la mnzake ndi ulusi wofiira, chinthu chimene sanachitirepo kasitomala aliyense. M'mtima ankati kupepesa kwa amuna akuluakulu n'kumeneku: wina abweretsa nsalu, wina asoka, nkhani yatha.

Anabwera kudzaitenga ndi akazi a Lumo, kutatsala masiku awiri. Anaigwira, anaitembenuza, kenako anakhala pa mpando osauzidwa n'kupumira m'mwamba.

"Alamu, ine ndinawaletsa. Ndinati bambo, zinazi n'zochititsa manyazi, kasoketseni kwina. Koma mukuwadziwa anzanu."

"Mwawaletsa chiyani, alamu?"

"Iii, kodi sanakuuzeni? Sutiyi ndi ya pa maliro anu."

Telala anaika simbi pambali.

"Mkuja, pa folotini," anapitiriza mayiwo, poti anali atayamba kale. "Akuti zaka ziwiri zikukwana. Mawu okayankhula kumanda anakonza kale, akumayeserera pa galasi tsiku lililonse akamaliza kusamba. Koma ndi mawu abwino, alamu, musadandaule. Ine ndinalira. Akuti munali munthu woona mtima, wosabera pa dilafuti, kungoti simunkamva zonena anzanu."

"Munali?"

"Ndi mmene alembera. Nanga akalipentala aja sanabwere sabata yatha?"

Anabweradi. Telala anakumbukira bambo uja anabwera kudzafunsa za zipi, koma maso ake ankangoyenda kuchokera kumutu kwa Telala mpaka kumapazi, milomo ikuwerenga chamumtima.

Mayiwo atapita, Telala anakhala pansi. Anakumbukira malalanje, mafuta onunkhira, masewero onse amene anapambana miyezi isanu ndi umodzi. Zonsezo zinali zotsanzikana. Choyamba anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Kenako mkwiyo unaphwa, n'kutsala chinthu china chopweteka kwambiri, funso limene linakana kuchoka. Mkuja dzuwa likadzalowa iye ali moyo, nkhope ya Lumo idzaonetsa chiyani? Chimwemwe choti mnzake wapulumuka, kapena chisoni choti dokotala wa m'foni wanama? Zaka makumi atatu pa khonde limodzi, ndipo yankho sankalidziwa.

Tsikulo linafika, Lachinayi lowala bwino. Telala anauza akazi ake kuti lero ndi tsiku lake lomwalira. Iwo anati akamwalira awatumizire uthenga, ali ndi zochapa zambiri.

Atafika ku ntchito anapeza chipinda cha Lumo chili chotseka, mwini wake atakhala pa benchi m'suti yakuda, nsapato zopolishidwa, kapepala kakusuzumira m'thumba. Kunena zoona suti inamukhala. Telala anaiyang'ana mapewa ndipo, ngakhale mtima unali kuwawa, ananyadira ntchito ya manja ake.

"Wadzuka bwanji, mnzanga?" anafunsa Lumo ndi mawu a kuchipatala.

"Ndadzuka. Watchenatu. Ulendo uja ndi wa lero?"

"Ndi wa lero. Koma m'thupimu ukumva bwanji? Mutu? Chizungulire?"

"Ndili bwino kuposa dzulo."

"Amatero," anatero Lumo motsitsa, akuyang'ana pansi.

Pofika teni koloko khonde linali litadzaza. Musaiwale kuti mutu uliwonse wometedwa mu msewumo unakhala ukuwerenga deti lija pamwamba pa galasi kwa zaka ziwiri. Anabwera osabayitsa kudzaona umboni. Anabwera obayitsa, nkhope zili gwa koma ali ndi mantha, poti ambiri a iwo anabayitsa patangopita masiku ochepa Telala atabayitsa, ndipo ankafuna kudziwa ngati n'koyenera kugula thumba lina la makala. Mayi wogulitsa nthochi anasamutsa dengu lake kubwera nalo pafupi. Akalipentala anaima chapatali mwaulemu, pensulo ili kukhutu.

Telala anapalasa makina ake ngati sakuona. Koma munthu sungasoke bwino anthu makumi anayi akukuwerengera mpweya. Atatsokomola kamodzi chifukwa cha ulusi, khonde lonse linaimirira. Atawerama kutola sizasi, mayi wina anayamba nyimbo, anzake n'kumugwira pakamwa. Masana anadya mkate ndi tiyi anthu akutsatira nthongo iliyonse, wina n'kunong'ona kuti odwala ambiri amadya bwino chonchi kumapeto.

Telala maso ake anali pa Lumo. Ankamuba ndi diso pa zenera. Lumo ankayang'ana wotchi, kenako mnzake, kenako wotchi. Thukuta linkatsika m'kolala. Koma kodi linali thukuta la munthu woopa imfa ya mnzake, kapena la munthu woopa kusekedwa ndi msewu wonse? Nkhope yomweyo inkatha kukhala zonse ziwiri.

Itakwana folo koloko anthu anayamba kunyinyirika ngati oonera mpira wopanda zigoli. Mnyamata wina wa njinga yamoto anafuula kuti a Lumo awabwezere tsiku lawo. Apa m'pamene Telala anaganiza zopusa zimene sanaganizepo chibadwire. Anati dzuwa likalowa, Lumo adzapeza chonena, ndipo choonadi sichidzadziwika mpaka kalekale. Njira yodziwira inali imodzi yokha.

Anakankhira thumba la zidutswa za nsalu pafupi ndi chitseko, poti ngakhale womwalira amasamala chiuno. Anaimirira, anayenda masitepe atatu, anagwira pachifuwa, n'kugwera pa thumba paja, khu! Anatseka maso n'kutchera khutu.

Kenako anamva benchi likugwa, ndi mawu a Lumo, okwera, owala, mawu a munthu amene timu yake yagoletsa.

"Ndinanena ine! Mwaona? Ndinanena ine!"

Mawu amenewo anamulowa Telala ngati singano ya makina pa chala. Anagona pamenepo maso ali chitsekere, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamvadi ngati akufa. Anafuna kudzuka, kusasa fumbi, kutseka chipinda chake n'kusamukira msewu wina.

Asanatero anamva phokoso lina, loti sanalimvepo. Linali ngati la galu wopondedwa ndi galimoto. Maondo awiri anagunda simenti pafupi ndi mutu wake, manja onunkhira mafuta ometera anamugwira masaya.

"Iwe! Iwe, dzuka! Usachite zimenezo, dzuka! Anthu inu, musangoyang'ana, thandizeni!"

Palibe anasuntha, aliyense ankaopa kugwira mtembo wa katemera. Lumo anamukoka mikono, anamugubuduza, ndipo mwa mphamvu zimene palibe ankadziwa kuti ali nazo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi wa maondo olira anamubereka mnzake kumsana n'kuyamba kuthamanga. Ankathamangira kumapeto kwa msewu, gulu lonse lili pambuyo.

"A Lumo, mukupita kuti?" anafuula wina. "Si komweko anamuphera?"

"Chokani uko! Anamwino! Anamwino, mubayeni! Mubayeni chilichonse chimene muli nacho!"

"Nanga dokotala wanu uja?"

"Ndimudziwa ine ameneyo? Ine ndine wometa chabe, ndidziwa chiyani ine!" Ndiye anatembenuzira mutu kwa amene anali kumsana, mpweya ukuthera. "Usafe, wamva? Ndizibera ndani ine? Usandisiye pa khonde paja ndekha, ndakupempha."

Telala anali pa msana wa mnzake, mutu ukugundagunda pa phewa limene anayeza yekha, misozi ikutuluka m'maso otseka. Manyazi anamugwira. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kunamizira kufa pa msewu! Kenako pansi pa mkono wake anamva msoko wa kukhwapa kwa suti ija ukuti kwee, ndipo zimenezo zinamupweteka mwa mtundu winanso.

Atafika pa geti la kachipatala, Lumo akupepesuka, Telala anayandikitsa pakamwa ku khutu lake.

"Nditsitse. Sindinafe."

Lumo anaima. Anamutsitsa pang'onopang'ono, ngati munthu wotsitsa galasi, n'kutembenuka. Anamuyang'ana kumaso, anamugwira pachifuwa, anamuyang'ananso. Gulu lija linafika n'kuima, ndipo litaona womwalira akukonza tepi yake m'khosi, linaphulika. Ena ankaseka mpaka kukhala pansi, obayitsa ankakumbatirana, akalipentala anachotsa pensulo kukhutu n'kubwerera. Namwino anasuzumira pa zenera, anafunsa ngati pali wodwala, ndipo atauzidwa kuti palibe anati ndiye achoke pa geti.

Awiriwo anatsala atakhala pa kakhoma ka maluwa, Lumo akupuma ngati pampu yakutha. Kenako Lumo anamutembenukira mnzake.

"Unachita dala."

"Ndinachita dala."

"Ndiwe galu."

"Iwe unandisoketsa suti ya maliro anga omwe."

Lumo anayang'ana nsapato zake, zimene tsopano zinali fumbi lokhalokha. Kenako anayankhula motsitsa kwambiri.

"Unamva zonse?"

"Zonse."

"Ndi zoyamba zija?"

"Ndi zoyamba zomwe."

"Zinangotuluka zokha, mnzanga. Sindikudziwa kumene zinachokera."

"Ndikudziwa. Zachiwiri zija nazonso zinangotuluka zokha."

"Ndiye usunga ziti?"

Telala anafuna kunena kuti zachiwiri, nkhani ithe. Koma sanali munthu wonama kawiri tsiku limodzi. Mawu oyamba aja anali adakali m'khutu mwake, ndipo anadziwa kuti adzakhalamo nthawi yaitali, mwina mpaka tsiku lenilenilo. Msana umene unamunyamula nawonso anali akuumvabe pachifuwa pake.

"Zonse ziwiri ndi zako," anatero. "Ndisunga zonse. Vula jeketelo, lang'ambika kukhwapa."

Lumo anavula n'kumupatsa. Telala analitembenuza, anayendetsa chala pa msoko, anaona kuti nsalu sinaonongeke, wangoduka ndi ulusi. Ananyamuka onse awiri kubwerera ku khonde lawo, wina akutsimphina, wina jekete lili pa mkono. Atayenda pang'ono Lumo anakhosomola, maso ali kumbali.

"Komatu ena akuti kwa anthu a magazi amphamvu zimatenga zaka zitatu."

Telala sanaime, ndipo sanamuyang'ane.

"Ndiye ndisoka ndi ulusi wolimba," anatero.